Kusaka zinthu zakale zamtengo pa estate sale ndi tag sale ku America

Ambiri amene angoyamba kumene kuyendera ma estate sale amabwerera kunyumba galimoto itadzaza, thumba litaphwa. Pomasula makatoni madzulo m'pamene amaona kuti mbale ija ili ndi mng'alu, masupuni amene amati ndi asiliva ndi ongokutidwa pamwamba, ndipo mpando wokongola uja wabwera ndi nsikidzi. Kobweza kulibe, chifukwa pa malonda amenewa chinthu chikatuluka pakhomo ndi chanu basi. Gwero la zonsezi nthawi zambiri ndi limodzi: munthu wathamangira kuona mtengo asanatembenuze chinthucho kuti aone kunsi kwake. Yambani kuona kunsi, kenako muone ngati chinthucho chili bwinobwino, mtengo ubwere pamapeto.

Estate sale ndi kugulitsa katundu yense wa m'nyumba, kuyambira masofa mpaka misomali ya m'galaja. Zimachitika mwini nyumba akamwalira, akapita kukakhala kunyumba yosamalira okalamba, kapena banja likamasamukira kutali. Kawirikawiri achibale amapatsa ntchitoyi kampani imene imamata mtengo pa chinthu chilichonse n'kutengapo gawo lake pa ndalama zimene zapezeka, ndipo ogula amalowa m'zipinda momwemo. Malondawa amatenga masiku awiri kapena atatu, kuyambira Lachinayi kapena Lachisanu mpaka Loweruka kapena Lamlungu. Tag sale ndi dzina limene anthu a ku Connecticut ndi madera ena a Massachusetts ndi New York amatchulira chimene kwina amati yard sale kapena garage sale: eni ake ayala katundu pabwalo ndipo akugulitsa okha. Amene muli ku Britain, zambiri mwa izi zikuthandizani pa car boot sale.

Kwa ife amene tinazolowera kuti katundu wa malemu amagawidwa pa chibale, kulowa kuchipinda kwa munthu womwalira n'kumatsegula madirowa ake kumachititsa nthumanzi ulendo woyamba. Ku America ndi zovomerezeka, ndipo ndalamazo zimathandiza banja lotsala. Komabe lowani ngati mukulowa pakhomo pamene pagwa zovuta. Mwina amene akulandira ndalama patebulopo ndi mwana wa malemu.

## Zoti munyamule

- Ndalama zamanja za madola 1, 5, 10 ndi 20. Pa tag sale ambiri alibe makina a khadi, ndipo m'mamawa chenje chimasowa. Makampani ena a estate sale amawonjezera pafupifupi 3 peresenti mukalipira pa khadi, ndipo m'madera ambiri pamakhalanso msonkho wa malonda.
- Tochi yaing'ono yowala kwambiri. Zipinda zapansi ndi magalaja mumakhala mdima.
- Tochi ya UV, imene kuwala kwake kumaonetsa pomatidwa ndi guluu ndi magalasi ena apadera. Yolembedwa 395 nm ndi yokwanira poyambira.
- Kagalasi kokulitsa zinthu ka 10x kowerengera tizidindo.
- Kamaginito kamphamvu.
- Kasikelo ka m'thumba koyeza magalamu.
- Tepi yoyezera, ndi kapepala kamene mwalembapo miyeso ya chitseko cha nyumba yanu ndi ya kumbuyo kwa galimoto.
- Makatoni, nyuzipepala zakale, bulangeti limodzi ndi zingwe. Izi zitsale m'galimoto.
- Kathumba kotsegula pamwamba. Makampani ambiri salola zikwama zikuluzikulu m'nyumba.
- Foni yodzaza moto.

## 1. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu yokha

Amene amapeza zabwino ndi amene akudziwa bwino zinthu zochepa, mwachitsanzo siliva ndi mbale za Pyrex, kapena zipangizo za ukalipentala ndi mafelempani achitsulo. Sankhani zimene mungathe kuzinyamula nokha ndipo muli ndi pozisunga. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanapite kulikonse, tsegulani eBay, msika wa pa intaneti, lembani dzina la chinthucho, kenako dinani pamene palembedwa Sold items. Pamenepo muziona mitengo imene anthu analipiradi, ndipo maso anu ayamba kuzolowera maonekedwe a zimene zimagulidwa msanga.

Chenjezo: mtengo umene wogulitsa walemba pa intaneti si mtengo wa chinthucho. Munthu atha kulemba madola 900 pa kapu n'kukhala nayo zaka zisanu popanda wofunsa.

## 2. Konzani ulendo Lachitatu kapena Lachinayi madzulo

Malonda ambiri amalengezedwa pa EstateSales.net ndi EstateSales.org, ndipo ma tag sale amapezeka pa Facebook Marketplace, pa Craigslist ndi pa zikwangwani za m'mphambano. Makampani amaika zithunzi zambirimbiri. Zikulitseni, ndipo muziyang'ana zimene zili kumbuyo pa mashelefu, osati chimene wojambulayo amafuna kuonetsa. Werenganinso malamulo a malondawo: nthawi yotsegulira, njira yolowera, kalipiridwe, ndi tsiku limene mitengo itsike. Adiresi yeniyeni nthawi zambiri amaitulutsa kutatsala tsiku limodzi.

Nyumba yabwino kusakamo si yaikulu ya mipando yatsopano. Funani nyumba imene banja lakhalamo zaka 40 kapena 50, ya khitchini yodzaza ndi galaja lafumbi. Mukaona zinthu zomwezomwezo zikubwerabwera pa zithunzi za malonda angapo a kampani imodzi, dziwani kuti akumabweretsa katundu wawo wotsala kwina, ndipo mitengo yake imakhala ya m'sitolo. Sankhani malo atatu kapena anayi oyandikana, woyamba akhale amene ali ndi chinthu chimene mukuchifunitsitsa.

## 3. Sankhani tsiku mogwirizana ndi chimene mukufuna

Tsiku loyamba katundu amakhala yense koma mitengo siyitsika. Makampani ambiri amachotsa 25 peresenti tsiku lachiwiri ndi theka la mtengo tsiku lomaliza, ngakhale aliyense ali ndi kachitidwe kake. Siliva, ndolo ndi mikanda, zipangizo zabwino ndi Pyrex yosowa zimatha ola loyamba. Mipando ikuluikulu, mabuku, nsalu ndi mbale zodyera zimadikira, choncho za zimenezi pitani tsiku lomaliza.

Mukasankha tsiku loyamba, fikani ola limodzi asanatsegule. Pakhomo pamakhala pepala lolembapo maina kapena munthu wogawa manambala, ndipo amalowetsa anthu m'magulu, mwina 10 kapena 20 nthawi imodzi. Funsani amene mwawapeza kuti mndandanda uli kuti. Ambiri amangoima pamzere osalembetsa, n'kudabwa obwera m'mbuyo akuwapitirira. Musaimike galimoto motseka khomo la aneba kapena bokosi lawo la makalata. Pa tag sale, ngati chikwangwani chanena kuti No early birds, kutanthauza kuti safuna olawirira, musagogode nthawi isanakwane.

## 4. Mukalowa, yendani kawiri

Ulendo woyamba ukhale wachangu. Lunjikani kumene kuli chinthu chimene munachiona pa chithunzi, chinyamuleni, ndipo chilichonse chimene chakukopani chikhale m'manja mwanu. Mukachisiya pa shelefu kuti mubwereranso, simuchipeza. Pafupi ndi polipirira pamakhala tebulo losungirapo katundu wa ogula. Ikani zanu pamenepo ndi kapepala ka dzina lanu. Chinthu chachikulu monga kabati, itanani wogwira ntchito amatepo kapepala ka Sold. Zimene zili pa tebulo losungira ndi za eni ake, musazigwire.

Ulendo wachiwiri ndi wodekha. Kampani imaika zodula m'kabati yagalasi pafupi ndi khomo, ndipo pamenepo mitengo anaifufuza kale. Mwayi uli kumene wolemba mitengo anafika atatopa: m'madirowa a kukhitchini momwe masupuni asakanikirana, pansi pa matebulo, m'makatoni a m'chipinda chapansi, m'zitini za mabatani, pa mashelefu a pamwamba m'galaja. Khomo lililonse lomatidwa tepi kapena lolembedwa kuti musalowe, lisiyeni.

## 5. Tembenuzani, werengani kunsi

Mawu a kunsi amanena zaka za chinthu kuposa maonekedwe ake. Nazi zina zoti muloweze:

- Nippon: kuyambira 1891 mpaka 1921. Zachinyengo zilipo zambiri, choncho yerekezerani chidindocho ndi zenizeni.
- Made in Occupied Japan: pakati pa 1947 ndi 1952.
- West Germany kapena W. Germany: 1949 mpaka 1990.
- Czechoslovakia: 1918 mpaka 1992.
- Adiresi ya kampani yokhala ndi ZIP code, nambala ya positi ya ku America, ya manambala asanu: 1963 kapena pambuyo pake.
- Barcode: sipangakhale chisanafike chaka cha 1974, ndipo zambiri ndi za m'ma 1980 kubwera kuno.

Dziwaninso kuti kukalamba pakokha si mtengo. Tizidole tambiri ta Occupied Japan timagulidwa madola ochepa chabe. Chidindo chikuuzeni chimene mwanyamula, mtengo mukaufufuze padera.

## 6. Yesani chinthu monga mwa mtundu wake

### Siliva ndi golide

Apa ndi pamene anthu amatayapo ndalama zambiri, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Siliva weniweni wa ku America amalembedwa Sterling kapena 925. Wa ku England amakhala ndi kadindo ka mkango ukuyenda, pamodzi ndi chizindikiro cha mzinda: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, ndipo Sheffield inkadinda chisoti chachifumu mpaka 1974, kenako duwa. Mukaona EPNS, A1, Silver plate, Quadruple plate kapena 1847 Rogers Bros., chimenecho ndi chitsulo china chongokutidwa siliva pamwamba. Nambala 1847 ija ndi mbali ya dzina la malonda, si chaka chimene supuniyo inapangidwa.

Mukapeza Sterling, yezani pa sikelo. Chulukitsani magalamu ndi 0.925, gawani ndi 31.1, mupeza ma troy ounce, muyeso umene amagulitsira siliva, a siliva weniweni. Masupuni a magalamu 200 ali ndi siliva wokwana magalamu 185, kutanthauza ma ounce pafupifupi 6. Chulukitsani ndi mtengo wa siliva wa tsikulo, ndipo kumbukirani kuti ogula siliva wosungunula amalipira mocheperapo. Samalani ndi zoikapo makandulo zolembedwa Weighted kapena Reinforced: kulemera kwake ndi simenti kapena phula la m'kati, siliva wake ndi kachikopa kopyapyala. Mipeni nayonso, chigwiriro chokha ndicho chasiliva, ndipo m'kati ndi mphako.

Pa golide funani 10K kapena 417, 14K kapena 585, 18K kapena 750. GF, RGP, GP ndi HGE zikutanthauza kuti golide ali pamwamba pokha. Maginito akakoka, si golide ndipo si siliva, kupatula kokowekera mkanda kamene kamakhala ndi kasipuling'i kachitsulo. Koma maginito akapanda kukoka, musafulumire kusangalala, chifukwa mkuwa nawonso sukokedwa.

Mukaona botolo la makobili, yang'anani zaka. Dime (masenti 10), quarter (masenti 25) ndi half dollar (masenti 50) za 1964 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva 90 peresenti. Half dollar za 1965 mpaka 1970 zili ndi 40 peresenti. Njira yachidule ndi kuunjika ma dime ndi ma quarter n'kuyang'ana m'mphepete: atsopano amaonetsa kamzere kofiirira ka mkuwa, asiliva ndi oyera mbali yonse.

### Mbale, makapu ndi magalasi

Tsekani maso, yendetsani chala m'mlomo monse mwa mbale. Chala chimamva pobenthuka pamene diso laphonya. Kenako ikani mbaleyo pa nsonga za zala n'kuigogoda ndi chikhadabo. Yabwino imalira ngati kabelu. Ya mng'alu wobisika imangoti gwa, mawu osapitirira. Walitsani tochi ya UV pa zigwiriro ndi m'makosi mwa tizidole: pamene anamata ndi guluu kapena kupentanso pamawala mosiyana ndi pena ponse.

Pyrex yakale ya ku America imakhala yoyera ngati mkaka m'kati, utoto kunja, ndipo kunsi kuli nambala. Mbale zinayi zosakaniziramo zimene zinayamba kugulitsidwa mu 1945 ndi 401 yabuluu, 402 yofiira, 403 yobiriwira ndi 404 yachikasu. Zokhala ndi milomo iwiri yothirira, za manambala 441 mpaka 444, amazitcha Cinderella. Ku Britain mudzakumana ndi zolembedwa JAJ zopangidwa ku Sunderland, zimene zili ndi maluwa ena ndi mitengo ina. Mdani wa Pyrex ndi makina otsukira mbale, amene amasiya utoto wotuwa ngati choko. Zikatero sizibwereranso. Mbale yonyowa kapena yopakidwa mafuta imabisa vutoli, choncho ipukuteni iume, ndipo muikweze moyang'anizana ndi kuwala kuti muone pamene utoto wakandika.

Galasi lachikasu kapena lobiriwira limene likuwala kwambiri mobiriwira pa UV lili ndi uranium, ndipo lili ndi ogula ake. Ndi tochi ya UV yolembedwa 365 nm galasi lokhala ndi manganese, chitsulo china, nalo limawala pang'ono mofooka, n'chifukwa chake ambiri amasokoneza ziwirizi.

### Mafelempani a cast iron

Maina ofunidwa ndi Griswold ya ku Erie, Pennsylvania, imene fakitale yake inatsekedwa mu 1957, ndi Wagner Ware ya ku Sidney, Ohio. Akale ndi opepuka komanso osalala m'kati kuposa a masiku ano. Nambala ya pa chigwiriro si mainchesi: nambala 8 ndi yotambalala pafupifupi masentimita 27, ndipo ndiyo yopezeka paliponse. Pa Griswold, manambala 2, 11 ndi 13 ndiwo osowa.

Ikani felempani pa malo osalala, dinikizani m'mbali. Akamagwedera kapena kuzungulira, tako lake linapindika ndi moto. Walitsani tochi m'kati, makamaka pamene chigwiriro chakumana ndi thupi, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Dzimbiri la pamwamba ndi mafuta akuda oumirira si vuto, zimachoka. Timaenje takuya, mng'alu, kapena chitsulo chofiirira ngati njerwa chifukwa chootchedwa pamoto waukulu, zimenezo siyani. Timiphika ting'onoting'ono ndi zipande zachitsulo zopezeka m'galaja mwina zinkasungunulira mtovu wa zipolopolo kapena wa mbedza za nsomba. Musaphikiremo musanayeze ndi zoyezera mtovu.

### Makina osokera ndi zamagetsi

Makina akuda a Singer ambiri, monga a nambala 15, 66 ndi 99, anapangidwa ochuluka zedi, choncho musalipire mtengo wa chinthu chosowa. Ndi olimba ndipo telala aliyense angawakonde, koma ofunidwa ndi osonkhanitsa zakale ndi aang'ono a Featherweight 221, amene anayamba mu 1933 ndipo amalemera makilogalamu 5 okha. Tembenuzani gudumu ndi dzanja muone ngati singano ikukwera ndi kutsika mosavuta, ndipo tsegulani pansi muone ngati chosungira bobini chilipo. Cha 221 chenicheni n'chodula kugula padera.

Chilichonse chamagetsi chiyeseni pomwepo, pemphani soketi. Ngati mukufuna kutumiza kumudzi, kumbukirani kuti magetsi a ku America ndi 120V pa 60Hz, pamene a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230V pa 50Hz. Popanda thiransifoma chipsa nthawi yomweyo. Wotchi yakale yamagetsi, ngakhale muike thiransifoma, izitsalira mphindi 10 pa ola lililonse. Makina opalasa ndi phazi kapena opukusa ndi dzanja alibe vuto limeneli.

### Mipando ndi makabati

Solani dirowa yonse, muitembenuze. Mano olumikizira matabwa akakhala osafanana kukula, anadulidwa ndi manja. Akakhala ofanana ndendende, ndi a makina. Masikuluwu a mutu wa mtanda anayamba m'ma 1930. Funani chidindo cha opanga m'kati mwa dirowa kapena kunsi kwa mpando: Herman Miller, Knoll, Heywood-Wakefield, Lane, Made in Denmark. Nunkhizani m'kati. Fungo la fodya ndi la mkodzo wa mphaka silichoka msanga. Timabowo tokhala ndi ufa woyera watsopano pansi pake tikusonyeza kuti thabwa likufumbwabe. Pa zonse zansalu, tsegulani misoko ndi tochi: timadontho takuda ngati ta inki ndi ndowe za nsikidzi.

### Zochokera kwathu

Apa muli ndi diso limene wolemba mitengo alibe. M'nyumba za amene anali amishoni, aphunzitsi kapena a Peace Corps mumapezeka katundu wa ku Malawi ndi ku Zambia atangolembedwa kuti African. Ziboliboli zambiri ndi mipando yosema ya matabwa awiri ndi zogulitsa alendo, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Phingo weniweni ndi wolemera mpaka amamira m'madzi. Chosema chakuda koma chopepuka, chimene kunsi kwake kukuoneka koyera pokandika, ndi mtengo wina wopakidwa polishi wa nsapato.

Zofunika kuziyang'anitsitsa ndi mapepala ndi mamendulo. Masitampa olembedwa British Central Africa kapena B.C.A. ndi a 1891 mpaka 1907, dziko lisanatchedwe Nyasaland. A Rhodesia & Nyasaland ndi a nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Envulopu yathunthu ya chidindo cha Zomba, Fort Johnston amene ndi Mangochi, Port Herald amene ndi Nsanje, kapena Fort Jameson amene ndi Chipata, musadulepo sitampa. Yathunthu ndiyo imafunidwa. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba ya dziko lonse amakhala ndi nambala, dzina ndi gulu la msilikali m'mphepete. Mukawerenga K.A.R. ndi kagalasi kanu, mwagwira mendulo ya msilikali wa King's African Rifles, ndipo magulu oyamba awiri a asilikali amenewa anali a ku Nyasaland. Palinso Africa General Service Medal ya kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915, imene inaperekedwa kwa amene anakathetsa kuukira kwa John Chilembwe. Makobili oyamba a Malawi a 1964, a nkhope ya Kamuzu, kwacha isanabwere mu 1971, sagulitsidwa ndalama zambiri, koma ndi oyenera kusungira ana.

## 7. Fufuzani mtengo musanafike polipirira

Pezani kangodya, ikani pansi zonse mwatola, muziyang'ane chimodzichimodzi. Google Lens, pulogalamu ya pa foni yozindikira chinthu pa chithunzi, ithandiza kupeza dzina la chinthu, eBay Sold items ipereka mtengo. Yerekezerani ndi chofanana kukula, mtundu ndi kuwonongeka kwake, ndipo tengani mtengo wapakati pa malonda asanu kapena kuposerapo, osati wapamwamba kwambiri. Ngati mukugula kuti mukagulitse, eBay imatenga pafupifupi 13 peresenti pa zinthu zambiri, kuwonjezera apo pali katoni, zokutira ndi positi. Lamulo labwino ndi kusapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene chinthucho chimagulidwa. Zimene simukuzifuna zibwezeni pamene munazitenga.

## 8. Nenererani mwaulemu

Tsiku loyamba m'mawa pa estate sale, kunenerera sikupindula. Pa chinthu chodula funsani ngati amalandira ma bid. Makampani ena ali ndi kabokosi kamene mumaponyamo kapepala ka mtengo wanu ndi nambala ya foni, ndipo chinthucho chikapanda kugulidwa amakuimbirani. Lembani mtengo woposa pang'ono theka, chifukwa tsiku lomaliza aliyense achipeza pa theka.

Pa tag sale, sonkhanitsani zinthu zingapo n'kutchula mtengo umodzi. Za madola 27 mutha kupempha pa 20, ndalamayo ili kale m'manja. Kutsitsa ndi 20 kapena 30 peresenti n'kololeka. Kuyambira pa theka monga timachitira pa kaunjika kumakwiyitsa ambiri. Ngati pali chilema, chisonyezeni modekha. Musanyoze katundu kuti mtengo utsike, popeza mbale imene mukuinyozayo mwina ankadyeramo mayi ake a wogulitsayo. Chinthu chopanda mtengo, funsani. Kusuntha kapepala ka mtengo kuchoka pa chinthu china ndi kuba.

## 9. Lipirani, longedzani

Onaninso chinthu chilichonse panja pa dzuwa kapena pafupi ndi zenera musanapereke ndalama. Sungani risiti chifukwa ena amaiona potuluka. Pa katundu wamkulu funsani nthawi yomaliza yodzatengera, ndipo bwerani ndi wokuthandizani, chifukwa ogwira ntchito ambiri saloledwa kunyamula. Mbale kutani imodziimodzi n'kuziimika cham'mbali m'katoni, osati kuzisanjikiza. Zivundikiro zikutidwe pazokha. Chotsani madirowa ndi mashelefu agalasi musananyamule kabati.

## 10. Mukafika kunyumba

Katundu asalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Zovala ndi nsalu zipite m'makina oumitsira pa moto waukulu kwa mphindi 30. Zimene sizingapirire kutentha, zimangeni m'pulasitiki n'kuziika mu filiza ya -18°C kwa masiku anayi. Mipando ikhale m'galaja masiku angapo mukuiyang'anira.

Poyeretsa, yambani ndi madzi ofunda, sopo wa mbale ndi kansalu kofewa. Pyrex ndi mbale za mizere yagolide zisalowe m'makina otsukira. Felempani wadzimbiri m'vikeni mu viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, mphindi 30 zokha nthawi imodzi, kwechani, bwerezani ngati dzimbiri latsala. Mukamusiya usiku wonse viniga amadya chitsulo. Akauma m'pakeni mafuta ophikira pang'ono kwambiri, pukutani ngati mukufuna kuwachotsa onse, ndipo muotcheni mu uvuni pa 230°C kwa ola limodzi chozondoka. Makobili, mamendulo ndi zamkuwa zakale musazikweche n'komwe.

## Zoti musiye ngakhale zitatchipa bwanji

Minyanga ya njovu, zigoba za akamba a m'nyanja ndi nthenga za ziwombankhanga. America inakhwimitsa malamulo a malonda a minyanga mu 2016, Britain inaletsa pafupifupi malonda onse mu 2022, ndipo ku Malawi mlandu wa minyanga utha kufika zaka 30 kundende. Mnyanga umazindikirika ndi timizere topingasana ngati ukonde pamene unadulidwa. Fupa limakhala ndi timadontho takuda.

Mabedi a makanda a mbali yotsetsereka analetsedwa ku America mu 2011. Mipando ya ana ya m'galimoto ili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo simungadziwe ngati inachitapo ngozi. Zidole ndi mipando yopentedwa chisanafike chaka cha 1978 itha kukhala ndi utoto wa mtovu, choncho isafike m'manja mwa mwana. Mabokosi a Lane osungiramo zofunda opangidwa chisanafike 1987 ali ndi loko wodzitsekera yekha, ndipo ana afapo m'menemo. Mukagula, chotsani lokoyo tsiku lomwelo. Mawotchi akale a manambala owala usiku, mpaka a m'ma 1960, mwina ali ndi utoto wa radium, umene ndi woopsa ku thanzi. Musawatsegule, ndipo a galasi losweka asiyeni.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kugula chifukwa choti ena akulimbirana. Pamzere pamakhala phuma, ndipo munthu amanyamula zimene sanabwerere. Ikani malire a ndalama musananyamuke, zotsalazo zisiyeni kunyumba.

Kukhulupirira kapepala ka wogulitsa. Mawu akuti antique kapena rare pa kapepala ndi maganizo a amene walemba. Amalakwitsa mbali zonse ziwiri, pokweza ndi potsitsa.

Kugula zimene zinapangidwa kuti anthu azisunga. Mbale zokoloweka pakhoma zokhala ndi satifiketi, zidole za Beanie Babies, tizidole tambiri ta Hummel ndi Precious Moments, mabuku a insaikulopediya: aliyense anasunga zake, choncho zadzaza paliponse ndipo ogula ndi ochepa.

Kunena kuti ndikakonza. Wailesi yosalira, wotchi yoima ndi mpando wofuna nsalu yatsopano zimadya ndalama zoposa mtengo wake ngati ntchitoyo simuidziwa nokha.

Kupala ndi kupenta mpando wakale, kapena kukwecha kobili mpaka kuwala. Osonkhanitsa zakale amalipira khungu loyambirira, ndipo likachoka silibwerera.

Kutaya bokosi, chivundikiro, kabuku ka malangizo kapena chikuto cha pepala cha buku. Musanachoke m'nyumbamo funsani ngati zilipo, chifukwa kawirikawiri zimakhala m'chipinda china, zitamatidwa mtengo wakewake.

Kuiwala kuyeza. Kabati ya masentimita 90 silowa pa chitseko cha masentimita 80, ndipo kampani siibwezera ndalama chifukwa cha zimenezo.